Mkono Umene Ndinakusemera

Malemia, Domasi
Lachinayi masana

Zione mwana wanga,

Lero ndaweruka msanga pokonzera njinga paja. Che Amidu anabwera ndi njinga yawo yothyoka masipoko anayi, ine n'kuwauza kuti abwere Loweruka, nsomba zawozo ayambe asenza pamutu. Achoka akuseka, akuti mwana akati akwere ndege bambo amayamba matama. Ndakhala pabenchi, ndang'amba mapepala apakati m'kope lako lakale la Fomu 2, bolopeni ndabwereka ya amayi ako. Iwe uli kunyumba ukulongedza. Ukudziwa kuti sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndiye zilembo zikapindika usaseke. Ndikanakuuza pakamwa, koma ndikangoyamba nkhani zotere umandidula ndi "Ndamva, bambo" ndisanafike n'pakati pomwe. Pepala sungalidule. Uwerenge lero lomwe, usadikire m'ndege.

Mawa ukwera minibasi ya ku Blantyre ndi Mayi Kalonga, nesi uja wa kuchipatala choika ziwalo, kenako ndege yopita kwa madokotala akunja amene akusankha kuti akakuyese mkono wa magetsi. Jekete yobiriwira ija ndinakugulira pakaunjika ndaiona waipinda bwinobwino pamwamba pa chikwama, popeza akuti kumeneko kumazizira kuposa pamwamba pa phiri la Zomba mu June.

Usaganize kuti sindikukondwa. Ndikukondwa kwabasi. Tsiku lija Mayi Kalonga anationetsa pafoni bambo wodulidwa mkono akutola dzira osaliphwanya, ndinawapempha kuti abwereze katatu. Ndinkafunafuna waya wokoka, ngati wa buleki, sindinauone. Anandiuza kuti munthuyo amangoganiza kuti ndifumbate, uthengawo umatsika mpaka m'minofu yotsala, timabatani ta m'kati mwa mkonowo timaumva, zala n'kupindika. Ine ndagwira zitsulo chiyambire unyamata wanga, koma tsiku limenelo ndinavula chipewa. Amene anapanga chinthu chimenecho ndi amisiri, ndipo ndikanakonda kungokhala pambali n'kumawaonerera akugwira ntchito.

Koma ndinamvetseranso bwino pamene anafotokoza kuti nkhaniyi ili pawiri. Poyamba akupatsa mkono wovala ndi kuvula, ngati jombo. Ikatha miyezi itatu adzakufunsa ngati ukulola zachiwiri: opaleshoni yolowetsa chitsulo m'fupa ndi timawaya m'mitsempha, kuti mkonowo uzigwira pathupi penipeni, mwinanso uzimva chimene wakhudza. Chitsulo cha m'fupa sichivulidwa pogona. Ndipo popeza wakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, wosaina ndiwe, osati ine kapena amayi ako. Kalata ino ndikulemba chifukwa cha tsiku limenelo. Ndege sindikuiopa, kuzizira sindikukuopa. Ndikuopa "eya" wako uja.

Nkhani ya mmene unatayira mkono umaidziwa, koma sunaimvepo kuchokera kwa ine. Unali ndi zaka zisanu ndi ziwiri pamene unagwa mumtengo wa mango kwa amalume ako. Ine ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ndinkakhulupirira kuti chilichonse chopindika ndingachiwongole. Ndinadula timitengo tansungwi, ndinawongola mkonowo, ndinaumanga ndi mphira ya chubu monga ndimangira katundu pakaliyala. Ndinamanga zolimba, kuti fupa lisasunthe. Amayi ako anati, "Bambo a Zione, tiyeni kuchipatala." Ine ndinati tidzapita Lolemba, linali Lachisanu. Iwe unati zala zachita dzanzi, ine ndinati ndiye kuti fupa likulumikizana. Tsiku lachitatu zala zinada. Ku Zomba anadula m'munsi mwa chigongono. Dokotala sanandikalipire, anangofunsa kuti anamanga ndani, ine n'kukweza dzanja ngati mwana wasukulu.

Sindikulemba izi kuti ulire kapena undikhululukire kachiwiri, zimenezo tinathana nazo. Ndikufuna uone chinthu chimodzi. Munthu amene anakupweteka sanali mdani. Anali munthu wokukonda, wodziwa ntchito yake, wosakayika. Madokotala amene ukupitako ndi ophunzira, ine sindingafike n'pachidendene pawo, koma iwo eni ananena kuti uyu ndi kafukufuku, kutanthauza kuti nawonso akuyesa. Ndiye ukafunse. Ukafunse kuti opaleshoni imeneyi aichita pa anthu angati, ndipo ndi angati amene anapempha kuti awachotse. Ukapemphe kucheza ndi mmodzi wa amene zinawavuta, muli awiriwiri, dokotala atatuluka. Dokotala amene angakuyankhe penapake kuti "apa sitikudziwa," ameneyo umukhulupirire kuposa amene ali ndi yankho pachilichonse. Ndipo thupi likakuuza kuti pano pachita dzanzi, usalole wina aliyense akuuze kuti ndiye kuchira kwake. Chikakupweteka, unene.

Ukukumbukira njinga yofiira ili kudenga pokonzera paja? Unali wamng'ono pamene inabwera. Mzungu wina woyenda maiko panjinga anadwala malungo ali panjira ya ku Liwonde, ulendo n'kuthera pomwepo, ndipo pochoka anandisiyira njingayo chifukwa ndinamuperekeza kuchipatala. Ndinailandira ndi manja awiri, mawondo nditapinda, monga anatiphunzitsira makolo. Sindinafunse kanthu, chifukwa mphatso saifunsa mafunso. Miyezi itatu ndinali bwana wa msewu, ana akundithamangira. Tsiku lina ndikutsetsereka kuchokera ku Malosa ndinagwira buleki, chogwirira chinangofika kuhandulo, fwaa, popanda kanthu. Ndinakathera m'munda wa chinangwa wa eni ake. Nditaimasula ndinapeza kuti mabuleki ake sayendera waya, amayendera mafuta, ndipo kamphira kotsekera mafutawo kanali katang'ambika. Kamphira kochepa ngati mphete ya mwana. Ndinakafuna ku Zomba, ndinatuma anthu ku Limbe, onse ankangokatembenuza m'manja n'kundibwezera. Matayala akenso anali a saizi yosapezeka. Njinga yabwino kuposa zonse zimene ndinagwirapo, lero ndi nyumba ya akangaude.

Njinga ikafa umaikoleka kudenga. Chitsulo chimene chili m'fupa lako sungachikoleke. Ndiye ukafunse za sipeya, mwana wanga, usachite manyazi. Chala chimodzi chikasiya kupindika uli kuno ku Domasi, akonze ndani? Mayi Kalonga angathe, kapena mkonowo uyenera kukwera ndege wokha iwe n'kutsala? Batire lake limakhala nthawi yaitali bwanji lisanafe, ndipo likafa latsopano lichokera kuti? Ukawauze zoona za kwathu kuno: kuti magetsi amathima osatsanzika, kuti kunyumba tili ndi kasola kamodzi kotchajira foni, kuti mu Okutobala fumbi limalowa ngakhale m'botolo lotseka, kuti mvula ikakupeza pakati pa Malemia ndi msewu palibe pobisala. Ukawauze kuti umachapa kumtsinje. Ngati pamene chitsulo chatulukira pakhungu payenera kutsukidwa tsiku ndi tsiku, akuuze kuti ndi madzi otani ndi mankhwala otani, ndipo ngati mankhwalawo amapezeka ku Zomba. Funso lalikulu ndi ili: kafukufuku wawoyo akadzatha, mkonowo ndi wa ndani? Nanga kampani yopanga ikadzatseka? Mayankho akulembere papepala, ndipo pepalalo likhale ndi iwe. Ngati angalole, akuphunzitse kutsegula ndi kupukuta m'kati. Ndakuikira kasikuludilaiva kanga kakang'ono kaja m'chikwama chachikulu. Mayi Kalonga akuti m'chikwama cha m'manja angakulande pabwalo la ndege.

Kulakwa kwina ndi kwa chithunzi. Uli ndi zaka khumi kunabwera alendo ena m'mudzi ndi makamera, akuti akulemba ana olumala. Iwe unabisa mkono wotsalawo, umene umautcha Kamfupi, kumbuyo kwa diresi. Ine ndi manja angawa ndinaukoka n'kupinda malaya ako kuti uoneke bwino, chifukwa anali alendo ndipo anapempha mwaulemu. Patapita chaka mnzako wina anakuona pachikwangwani m'tauni, nkhope yako yaikulu ngati chitseko, pansi pake mawu achizungu amene palibe anatiwerengera. Unakhala sabata osapita kusukulu. Kumene ukupitako adzafuna kukujambula ukutola dzira, ngati bambo uja tinamuona pafoni. Mwina iyeyo analola ndi mtima wonse, sindikudziwa. Iwe ukafunse kuti chithunzicho chikapita kuti, ndipo ngati ukakana kujambulidwa mkonowo akulanda kapena ayi. Nkhope ndi yako. Kamfupi ndi wako.

Za maganizozi nazonso zimandizunguza mutu. Nditawafotokozera Che Amidu anaseka mpaka kugwira bondo. Anati, "Mkono womvera maganizo? Achimwene, ine atandipatsa umenewo, theka la msika wa Songani likhoza kugona ndi mbama, ine ndili phee manja m'thumba." Ine ndinawafunsa kuti nanga kubwalo la milandu angamange ndani, inu kapena mkono? Iwe unatimva uli pakhomo, unati, "Bambo, mkono umenewo sumamva miseche. Umangomva kuti fumbata, tambasula, basi." Chabwino, ndavomera, iwe ndiye wawerenga mapepala awo. Koma Mayi Kalonga ananenanso kuti mkonowo umasunga mmene ukuugwiritsira ntchito n'kumatumiza kwa eni kafukufuku. Ine ndikakonza njinga ya munthu sindimutsatira kuti ndione kumene amapita nayo. Ndiye ukafunse kuti amawerenga zimenezo ndani, amazisunga mpaka liti, ndiponso ngati munthu ali kutsidya kwa nyanja angathe kuuzimitsa kapena kuusintha iwe osadziwa. Mwina adzaseka monga unasekera iwe. Aseke, koma ayankhe.

Tsopano ndifike pa nkhani imene yandikhazika pabenchi pano. Ndi ya mkono wamtengo uja uli pamsomali kuseri kwa chitseko.

Unali ndi zaka khumi ndi zinayi, utamaliza kalasi ya kutchalitchi, ukuyembekeza kulandira mgonero koyamba ku Mishoni. Ine chinkandidya mumtima ndi chimodzi: mbale ikadzafika pa iwe, udzalandira bwanji? Kwathu kuno mwana wolandira chinthu kwa wamkulu ndi dzanja limodzi, lamanzerenso, ndi mwana wosaleredwa. Ndinkaona ngati mpingo wonse udzatembenuka, osati kuyang'ana iwe, koma ine amene ndinamanga mphira ija. Ndiye ndinatenga mtengo wa malaina, popeza ndi wopepuka, ndinasema mkono. Masabata atatu. Chala chachikulu ndinachiika pa kahinjesi, ndinalumikiza waya wa buleki wodutsa kumsana mpaka paphewa linalo, kuti ukakoka phewa chalacho chizitseka. Malamba ndinadula kuchubu chatsopano. Amayi ako anasoka gulovu yoyera. Kunena zoona, mpaka lero ndimati inali ntchito yabwino.

Lamulungu m'mawa ndinakumanga malamba aja, ndinakufunsa kuti, "Ukukwana?" Unati, "Eya, bambo." Tinayenda wapansi kuchokera ku Malemia mpaka ku Mishoni, ine patsogolo, chifuwa chili panja. Panjira ndinafunsanso, unati eya. Mbale itafika unatambasula manja awiri, lamoyo ndi lamtengo, ndipo ine ndinayang'ana uku ndi uku kuti ndione ngati anthu aona. Titatuluka amayi ako anakutengera kuseri kwa tchalitchi, kenako anandiitana ndi mawu amene sindinawamvepo chikwatirane. Bulauzi yako yoyera inali itamatirira kumsana ndi magazi. Waya unali utacheka paphewa, ndipo Kamfupi anali atasupuka khungu mozungulira, chifukwa m'kati mwa mtengomo sindinaikemo chofewa chokwanira. Ndinakufunsa kuti, "Bwanji sunanene?" Unayankha utazolika, "Munasema masabata atatu, bambo."

Mawu amenewo ndimawamva mpaka lero ndikagwira waya wa buleki. Mayi wina wachikulire wa mvano amene anathandiza kukupukuta anandiyang'ana n'kunena kuti, "Inu bambo, mwanayu zaka zonsezi amalandira ndi dzanja lakelo, kamkonoka atakagwiriziza pansi pake, mawondo atapinda. Munamvapo ndani akudandaula?" Unali utapeza kale ulemu wakowako, wokwanira, ndipo aliyense ankauona kupatula ine. Mkono umene uja sindinasemere iwe. Ndinasemera manyazi anga, iwe n'kuusenza ndi magazi kuti ine ndisakhumudwe.

Ndiye tamvera, Zione. Anthu amene ukupitako sanaseme masabata atatu. Asema zaka ndi zaka. Adzakulandira bwino, adzakudyetsa, adzakuphunzitsa moleza mtima, ndipo tsiku lofunsa lija likadzafika adzakuyang'ana ndi maso oyembekeza, monga ndinakuyang'anira ine Lamulungu lija. Iwe udzayamba kuwerenga zabwino zonse zimene akuchitira, ndege, chakudya, chipinda chofunda, n'kuona kuti kukana ndi mwano. Ndife tinakuphunzitsa zimenezo, ine ndi amayi ako, kuti chopatsidwa sakana, ndipo pa zinthu zambiri ndi mwambo wabwino. Wina akakupatsa nthochi, landira. Koma ichi si nthochi. Fupa ndi lako, ndipo amene adzagone nalo usiku uliwonse mpaka ukalamba ndiwe. Iwonso akupindula nawe, akuphunzira pa thupi lako zimene sakanaziphunzira m'buku. Sukupita ngati wopempha. Ukupita ngati mnzawo wa ntchito.

Usavomerenso chifukwa cha anthu a kuno. Ndikudziwa kuti anakupempherera kutchalitchi ndipo mudzi wonse ukuyembekeza kudzaona zala zachitsulo zikuyenda. Ndikudziwanso zimene unauza amayi ako, kuti ukuchita manyazi kuti mwayi wagwera iwe pamene bambo uja wa ku Malosa, wodulidwa mwendo, akuyenderabe ndodo yosema yekha. Mtima umenewo ndi wabwino. Koma kulola opaleshoni imene sukuifuna sikumupatsa mwendo bamboyo. Ngati ukufuna kumuthandiza, ukawafunse madokotalawo kuti zinthu zimenezi zidzafika liti kwa anthu ngati iye, ndipo bwanji osapanganso zina zosavuta, zoti mmisiri wa panjira ngati ine angathe kukonza. Funso limenelo ukalifunse mokweza, m'dzina langa.

Koma usandimve molakwa, ngati ndikukukokera kumbuyo. Ndikatero ndiye kuti ndikukumanganso malamba ena. Amayi ako anandinong'oneza kuti chimene umalakalaka si kutola dzira ayi, koma kuluka tsitsi la mng'ono wako Chikondi ndi manja awiri, ndi kumva tsitsilo pazala. Ngati timawaya timeneto tingakupatse zimenezo, ndipo wafunsa zonse, wayankhidwa, wagona nazo masiku angapo mtima uli m'malo, saina, mwana wanga. Saina ndi dzanja lako lamanzere lija limalemba bwino kuposa manja anga onse awiri. Ndidzakhala woyamba kudzitama pamsewu wonse wa Zomba mpaka ku Liwonde, Che Amidu adzatopa nane. Ukasankha mkono wovala ndi kuvula wokha, ndi bwinonso. Ukaona kuti zonse ziwiri sizikukuyenera, upinde mawondo, unene zikomo kwambiri, kenako unene kuti ayi. Ayi wonenedwa mwaulemu ndi ulemu ndithu. Chimene sindikufuna ndi chimodzi: kuti udzabwere utasenza chinthu chokucheka chifukwa choopa kukhumudwitsa amene anachipanga.

Zina ndi zazing'ono. Pasipoti isachoke m'kathumba ka m'kati. Mayi Kalonga akabwerera pakatha masabata awiri, upemphe munthu womasulira pa nkhani zonse za opaleshoni, ngakhale chizungu umachidziwa. Chizungu cha kusukulu ndi cha madokotala ndi zinthu ziwiri. Pepala lililonse upite nalo kuchipinda, ukaliwerenge wekha, usasainire pomwepo. Dzanja lamanzere usalinyoze ukapeza latsopano, lakusenza zaka khumi ndi chimodzi. Uziimba foni Lamulungu masana, amayi ako akatuluka kutchalitchi, ndipo ukaimba usamangoti zonse zili bwino. Chikakupweteka, unene.

Ine kuno ndili bwino, usandidere nkhawa. Ntchito ilipo, chimanga chatuluka bwino, denga tinafolera. Ndikayang'ana mwana amene ndinamulakwira katatu konse akupalasa njinga ndi dzanja limodzi, dengu la tomato kumbuyo, akundipitirira pamtunda wa kwa amalume ake, ndimati Mulungu anandichitira chifundo choposa nzeru zanga. Tsiku lodzabwerako iwe ndidzakhala pasiteji. Sindidzayamba kuyang'ana kumkono. Chikwama ndidzalandira ine, ndi manja awiri.

Chatsala chimodzi. Munthu saphunzira kupalasa njinga tsiku la mpikisano, ndiye uyambire pa ine. Jekete yobiriwira ija ndinaisankha ndekha, osakufunsa. Nditakupatsa unapinda mawondo, unati zikomo bambo, koma ndinaona mmene unaiyang'anira. Ndinaonanso poiyesa kuti mapewa akulendewera, ndipo mkono wake ndi wothina pamene pali Kamfupi. Iwe unangoivomera basi, monga Lamulungu lija. Amayi ako akuti juzi yawo yakuda ija ilipo, yofunda bwino, akhoza kukupatsa. Mawa pasiteji, pamaso pa amayi ako ndi Mayi Kalonga, ndidzakufunsa kuti, "Zione, jeketeyi ikukwana?"

Undiyankhe zoona. Ndakonzeka.

Ndine bambo ako,
Fanuwelo